Supuni ya a madamu

Poti nkhaniyi yafika kale pa gulu la WhatsApp itathiridwa mchere, bola ndiinene ndekha. Sindinakomoke, ndipo pampanda sindinalumphe. Mpanda wamagetsi wa ku Johannesburg ndani angaulumphe?

Gwero lake ndi Get Out, filimu ya 2017 ija, imene tinaonera Lamlungu kuchipinda kwa achimwene ku Cosmo City, anthu asanu ndi awiri pa laputopu imodzi. Ena ankangokuwa, ine ndiye ndinali mphunzitsi. Ndinawauza kuti woopsa weniweni si bambo wong'amba mitu uja, koma mayi wa pakhomopo, Missy, ndipo chida chake ndi kapu ya tiyi ndi supuni. Amatakasa pang'onopang'ono, mawu ali pansipansi, akukufunsa za mayi ako, basi wamira mumdima, thupi lili gwa pampando, misozi ili chuchuchu. Chris, mnyamata wachikuda wogwidwa pakhomopo, amapulumuka potseka makutu ndi thonje la mumpando, thonje lomwe akapolo ankathyola ku America. Ndinafotokozanso kuti wa m'gadeni ndi mayi wantchito uja matupi ndi awo koma m'mutu mukukhala agogo achizungu.

Achimwene anangoti, "Paja inu ntchito yanu ndi ya m'gadeni, eti?" Tinaseka.

Lolemba, 10 koloko, ku Randburg. Zaka zinayi tiyi wanga ndimamupeza pa sitepe, m'kapu yanga yachitsulo. Tsiku limenelo a madamu akuti bwerani mukhale pakhonde, mpando uwu. Makapu adothi. Anayamba kutakasa tiyi wa rooibos. Abale, a madamu samwa shuga. Ndiye ankatakasa chiyani? Ndinawerenga: supuni inazungulira ka 14. Inaima. Inayambiranso, mobwerera chakumanzere. Kenako m'mphepete mwa kapu, nge, nge, nge. Ndiye akumwetulira, akufunsa kuti amayi ali bwanji ku Malawi.

Inuyo mukanatani?

Ndinati ndaiwala kutseka mpopi, ulendo ku shedi, pa bokosi la mankhwala. Apa mverani, poti ena mukuseka osadziwa kanthu. Thonje louma silitseka khutu, mawu amadutsa. Umang'amba kachidutswa ngati nsonga ya chala chachikulu, kupaka Vaseline, kukulunga kukhala kampira, kukokera khutu m'mwamba kenako kukankha. Ine polakwa ndinakankha mopitirira, manja ankanjenjemera.

Ndinabwerera pampando dziko lili zii. Milomo ya a madamu ikungoyenda, ine maso pa supuni, chilichonse ndikupukusa mutu. Anaimika zala zitatu. Ndinati ehe, kuwerenga kwayamba, ikakwana 3 ndamira. Ndinapukusa mwamphamvu mpaka chipewa kugwa. Anaimikanso zala. Ndinaimirira, ndinathokoza mwaulemu koma mokuwa poti sindinkadzimva, n'kukaliza mashini otchetchera kapinga amene ndinali nditatchetcha kale Lachisanu.

Madzulo ndi pamene anti a m'nyumba anandiuza kuti zala zitatu zija zinali R300 yowonjezera pa mwezi. A madamu akuti sanaonepo munthu wokhutira ngati ine, ndipo ankatakasa uchi.

Thonje la kumanja linatuluka lokha. La kumanzere analichotsa alamu ndi kopanira nsidze, achimwene akuunikira ndi foni, akuseka mpaka kutsokomola. Za ndalamazo ndinakafunsa Lachiwiri, akuti tidzakambirana mu Januwale.