Funso nambala 23

Ndimakhala ku Dedza boma, koma kawiri pa sabata ndimalawirira mbandakucha kukakwera minibasi ya ku Lilongwe, komwe ndimaphunzitsa za nthaka ndi feteleza kwa ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina. Ndine waganyu chabe, ngakhale pa kalata analemba mawu aulemu kuposa amenewa. Semesita yathayi kalasi yanga inali ndi anthu 186. M'mbuyo monsemu mapepala a mayeso ndinkabwera nawo kunyumba m'katoni, n'kumachonga usiku nditadzikulunga m'bulangete, poti kuzizira kwa kuno mu June ndi July sikuona nkhope. Ntchitoyo inkandidyera milungu iwiri. Ulendo uno a dipatimenti anati makalasi onse akuluakulu akhale ndi gawo la mafunso osankha yankho, ndipo gawolo lichongedwe ndi makina. Ine mumtima ndinati zikomo, msana wanga upumuleko.

Kupumako sikunayambe msanga. Ndinafunika mafunso 60, lililonse ndi mayankho anayi, A mpaka D. Funso lenilenilo silivuta kulemba, ngakhalenso yankho lolondola. Thukuta lili pa mayankho atatu abodza aja. Ayenera kuoneka ngati oona kwa munthu amene sanawerenge, koma osasokoneza amene anawerenga. Ukaika bodza lamkunkhuniza, aliyense amalilumpha, ndiye kuti funso lako latsala ndi mayankho atatu kapena awiri. Ndinatha masiku anayi ndikulimbana nazo.

Ukamaliza umakonza kiyi, lomwe ndi pepala limodzi la mayankho lodetsedwa ndi iwe mwini, ndipo makina amayamba awerenga limeneli kuti adziwe chofananitsira mapepala enawo. Ine kiyi ndinadetsa usiku wotsiriza, magetsi atathima, ndikuunikira ndi tochi ya foni, mawa lake ndilo tsiku lokapereka. Palibe amene ndinamupatsa kuti aonenso.

Pepala la mayankho lili ndi malamulo ake. M'mphepete mwake muli timizere takuda tondondozana, timene timauza makina kuti mzere uno ndi wa funso lakuti. Silifuna kupindidwa, kubooledwa ndi sitepula kapena kunyowa. Pamwamba pali malo odetsa nambala ya wophunzira, manambala amodziamodzi, chifukwa dzina lolembedwa ndi dzanja makinawo alibe nalo ntchito. Ndipo pamafunika pensulo ya HB. Nkhani ya pensuloyi ndi yakale. Makina oyamba otchuka a ntchito imeneyi, IBM 805, anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kuchokera ku luso la Reynold Johnson, yemwe anali mphunzitsi wa sekondale ku Michigan. Makinawo ankapeza yankho podutsitsa magetsi pa pepala, popeza mtovu wa pensulo, umene kwenikweni ndi graphite, umalola magetsi kudutsa. A masiku ano amagwiritsa ntchito kuwala, amangoona kuti pati pada, pati payera. Pensulo yakhalabe chifukwa imada bwino komanso imafufutika munthu akasintha maganizo.

Tsiku la mayeso ndinaima kutsogolo n'kufotokoza zonsezi kawiri, ndinajambulanso pa bolodi kabwalo kodetsedwa bwino. Anawa mafunso osankha yankho anayamba kukumana nawo kalekale, pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 analipo, ndiye ankangondiyang'ana ngati ndikuwatayitsa nthawi. Koma nditayamba kuzungulira m'mizere ndinapeza wina akuchonga ndi kamzere m'malo modetsa, wina akuzunguliza chilembo, mtsikana wina akulemba ndi bolopeni yofiira. Ndinali nditagula mapensulo khumi ndi ndalama zanga. Anabwerako atatu.

Lolemba lotsatira ndinanyamula envelopu kupita ku chipinda cha makina. Kumeneko kuli achimwene ena ofatsa amene amayendetsa scanner, ndipo sanalole kuti tiyambe tisanawerenge mapepala ndi manja n'kufananitsa ndi ndandanda imene ophunzira anasainira polowa. Anakwana 186. Kenako tinawatembenuza onse kuti ayang'ane mbali imodzi, iwo n'kuwagogoda patebulo kuti alingane, kiyi pamwamba. Makina anayamba kumeza limodzilimodzi, phwa phwa phwa, ndipo ndisanamalize n'komwe kuyankha uthenga wa pa WhatsApp anali atatha. Milungu iwiri yanga ija.

Komabe mapepala asanu ndi anayi anawaika padera. Anayi anali ndi mayankho awiri pa funso limodzi, chifukwa eni ake anafufuta mwaulesi ndi labala wakuda, ndipo makina sangalote kuti mwini wake amafuna liti. Amenewa tinawaona ndi maso, pomwe zinali zoonekeratu tinakonza pa kompyuta, pomwe madontho onse awiri anali akuda mofanana tinasiya kuti funsolo walakwa. Atatu anadetsa mopepuka kwambiri. Awiri otsalawo anali ndi nambala imodzi. Mtima unagunda, ndinaganiza za kubera, koma titayang'ana mayina ndi ndandanda ija tinapeza kuti mnyamata wina anadetsa 6 pamalo pa 9, n'kugwera pa nambala ya mnzake.

"Aphunzitsi, malikisi ndi awa," anatero achimwenewo, "koma musathamangire kukapereka. Yambani mwawerenga tsamba lachiwirili. Makamaka 23."

Ndinafunsa kuti 23 watani. Anangomwetulira n'kunena kuti za nthaka sadziwa, iwo amangoona manambala.

Tsambalo amalitcha item analysis, ndipo ndinaliwerengera m'minibasi, nditapanikizika pakati pa mayi wonyamula beseni ndi thumba la ufa. Pofika pa Nathenje ndinali nditamvetsa za pamwamba. Avereji ya kalasi inali 37 pa 60, zomwe sizoipa ukakumbukira kuti munthu wongolota, wosawerenga ngakhale funso, amayembekezeka kupeza limodzi pa anayi alionse, ndiye kuti 15. Pansi pake panali KR-20, muyeso umene Kuder ndi Richardson anaufalitsa mu 1937. Umayenda kuchoka pa 0 kufika pa 1, ndipo umanena ngati mafunso onse akukokera mbali imodzi, kutanthauza kuti amene wakhoza ili amakhozanso linalo. Wanga unali 0.78. Pa mayeso a m'kalasi anthu ambiri amakhutira ukapitirira 0.70, ndiye apa ndinapumira m'mwamba.

Kenako pamabwera mzere wa funso lililonse, ndipo nambala yoyamba ndi p, gawo la ophunzira amene alikhoza. Dzina lake limasocheretsa, amati ndi muyeso wa kuvuta, chonsecho ikakwera ndiye kuti funso ndi lophweka. Funso langa loyamba, loti mu Urea muli chakudya chanji cha mbewu, linali ndi p ya 0.96. Nanga mwana wa ku Malawi kuno, wokulira m'munda wa chimanga, angalephere kudziwa kuti ndi nitrogen? Sindinadandaule nalo, funso loyamba limafunika lotsitsa mtima. Koma ndinapeza ena asanu ndi awiri otere, ndipo amenewo ndi malikisi aulere amene sakundiuza chilichonse za amene anamva ndi amene sanamve.

Nambala yachiwiri ndiyo inandigwira. Kompyuta imandandalika ophunzira onse kuyambira wapamwamba mpaka wapansi potengera malikisi a pepala lonse, n'kutapa 27 peresenti ya pamwamba ndi 27 peresenti ya pansi. Chiwerengero chachilendochi anachikhazikitsa ndi Truman Kelley mu 1939, pofuna kuti magulu awiriwo akhale otalikirana mokwanira koma osachepetsetsa. Kwa ine zinatanthauza anthu 50 uku, 50 uku. Ndiye pa funso lililonse imatenga gawo la apamwamba amene akhoza n'kuchotsera gawo la apansi amene akhoza. Zotsatira zake amazitcha D, muyeso wa mmene funso likusiyanitsira magulu awiriwa. Funso labwino limakhozedwa kwambiri ndi amene akhoza pepala lonse, choncho D imakhala yokwera, 0.40 kapena kuposa ndiye zili bwino kwambiri, pansi pa 0.20 ndiye funsolo likufunika kuliyang'ananso. Ikatsika kupitirira ziro, ndiye kuti ofooka akulikhoza kuposa akatswiri, zomwe sizichitika popanda chifukwa.

Funso 23 linali ndi D ya -0.26.

Tinali tikudutsa pa Linthipe, kunja kukuda, ndipo pepala la mafunso linali pansi m'chikwama chimene ndinachipondera. Ndinapirira mpaka kunyumba. Mayi a kunyumba anali atakazinga kachewere, koma ine ndinangofikira patebulo ndi jekete yomwe.

"Abambo, madzi akuzizira ku bafa," anatero.

"Ndikubwera, pali mlandu pang'ono."

"Wa ndani?"

"Ndikuona ngati wanga."

Funsolo linkanena za feteleza wokulitsa amene alimi amamudziwa bwino, 23:21:0+4S, ndipo linkafunsa kuti 21 akuimira chiyani. A anali nitrogen, B phosphorus payekha, C phosphate yolembedwa P2O5, D sulphur. Pa thumba la feteleza nambala yapakati imawerengedwa ngati P2O5, osati phosphorus payekha, ndipo kusiyana kumeneku ndinakuphunzitsa ndekha kwa ola lathunthu. Yankho ndi C. Pa kiyi yanga, ija ya tochi ya foni, ndinadetsa B.

Tebulo la mayankho linaonetsa zonse poyera. Mwa apamwamba 50, amene anasankha C anali 37, ndipo 11 okha ndiwo anapita ku B. Mwa apansi 50, B anatengedwa ndi 24, C ndi 9. Ana amene anamvetsera m'kalasi ndi amene ndinawalanda malikisi, amene anangokumbukira kuti pakati pamakhala "P" ndinawapatsa mphoto. Ndikanachonga pamanja ndi kiyi yomweyo, ndikanadutsa nayo mapepala onse 186 mosadodoma, mwina ndikudandaulanso kuti ana a masiku ano samva.

M'mawa ndinaimbira foni akulu a dipatimenti. Ndinayamba ndi kuzungulira, za kuzizira, za ulendo, mpaka iwo anati, "Bambo, nenani, ndi kiyi eti?" Zikuoneka kuti sindine woyamba. Anati njira zilipo zitatu: kukonza kiyi n'kuchonganso, kuvomera mayankho onse awiri, kapena kulichotsa funsolo kuti pepala likhale pa 59. Kuvomera onse awiri kumayenera pamene funso lili ndi mayankho awiri oona, kapena pamene mphunzitsi anaphunzitsa zosokoneza. Anandiuza kuti ndiyang'ane manotsi amene ndinapatsa ophunzira. Ndinayang'ana, ndipo P2O5 inalipo, yodulidwa mzere kunsi. Tinagwirizana zokonza kiyi.

Kuchonganso sikunafune kubwerera ndi mapepala, mayankho onse anali kale mu kompyuta. Achimwene aja anangosintha chilembo chimodzi n'kunditumizira fayilo yatsopano pa imelo. D ya funso 23 inachoka pa -0.26 kufika pa 0.56, kukhala limodzi mwa mafunso abwino kwambiri pa pepala lonse. KR-20 nayo inakwerako pang'ono. Koma kukonzaku kunali ndi mbali yowawa. Nditaphatikiza ndi malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita, ophunzira awiri amene anali pansi pa mzere anawoloka, ndipo mmodzi amene anawoloka ndi B wabodza uja anabwerera pansi, akalembanso mayeso obwereza. Iye sakudziwa kuti kwa masiku awiri anali atakhoza. Ndinayang'ana pepala lake kawiri kufuna funso lina limene mwina makina anamulakwira, koma panalibe.

Poti ndinali nditayamba kale, ndinapitiriza ndi mafunso enawo, ndipo apa ndi pomwe ndinaona ntchito ya masiku anayi aja. Lamulo limene ambiri amatsata ndi loti yankho labodza losankhidwa ndi anthu osakwana 5 peresenti silikugwira ntchito. Ine ndinali nawo ambirimbiri, makamaka pa chilembo D, pomwe nzeru zinkakhala zitandithera n'kungoikapo chilichonse. Pa funso lina la acid wa m'nthaka, yankho lolondola linali lalitali kuposa ena onse, ndipo ngakhale apansi analipeza mosavuta. Ophunzira si opusa, amadziwa kuti mphunzitsi amasamala mawu pa yankho loona. Pa funso 52 munali mawu akuti "not" pakati pa chiganizo chachitali cha Chingerezi, osawadetsa kapena kuwalemba m'zilembo zazikulu, ndipo magulu onse awiri anagwa mofanana. Pamenepo ndinayesa maso a ana, osati nzeru zawo za nthaka.

Ndagula kope lachikuto cholimba pa sitolo ina pa boma pano. Tsamba lililonse ndi funso limodzi, pansi pake p, D ndi chiwerengero cha amene anasankha chilembo chilichonse. Amene D yawo yapitirira 0.30 ndawaika chizindikiro choti adzabwerenso patapita zaka, ena ndawalembanso mayankho abodza. Kiyi ya semesita ikubwerayi ndapangana ndi mnzanga wophunzitsa za mbewu kuti adzayankhe pepala langa ngati wophunzira tisanapite nalo ku makina, inenso ndidzayankhe lake.

Latsala funso 41, la mmene madzi amayendera m'dothi lamakande. Kiyi ndi yolondola, ndayang'ana katatu. Chingerezi chake n'chosavuta, mayankho abodza onse anasankhidwa ndi anthu okwanira, p ndi 0.48. Koma D ndi 0.04, apamwamba ndi apansi akulikhoza mofanana ngati aponya ndalama m'mwamba. Mwina tsiku limene ndinaphunzitsa mutu umenewu ndi lija minibasi inafera pa Chimbiya ndinafika kalasi itatsala ndi mphindi makumi awiri. Ndalemba chizindikiro cha funso ndi pensulo pakona pa tsambalo, ndikafunsa ophunzira angapo sukulu ikatsegulira.