Chifukwa chake munthu sangaimve BP yake m'thupi

Anthu ambiri amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amakhulupirira kuti thupi lawo limawauza BP, yomwe ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha, ikakwera. Wina amati amamva kulemera m'khosi, wina amati mutu umamuwawa cha kunkhongo, ndipo wina amangoti mtima ukagunda kwambiri atakangana ndi mwana wake ndiye kuti yakwera. Mapeto ake, masiku amene akupeza bwino amasiya mapiritsi n'kumadikira chizindikiro. Ine ndimaona kuti chikhulupiriro chimenechi chikupweteketsa anthu ochuluka, ndipo sichingathe ndi kuwakalipira kuchipatala, koma ndi kuwafotokozera mmene mtima umagwirira ntchito ndiponso ziwalo zimene zimalamulira mphamvu ya magazi m'mitsempha.

Mtima ndi mnofu wolemera pafupifupi magalamu 300, ndipo uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa. Mbali ya kumanja imatumiza magazi m'mapapo kuti akatenge mpweya wa okosijeni, ulendo umene ndi waufupi, pamene chipinda cham'munsi cha kumanzere chimawakankhira m'thupi lonse, kuyambira ku ubongo mpaka ku zala za kumapazi, n'chifukwa chake khoma lake ndi lokhuthala pafupifupi katatu kuposa la kumanja. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo pa kugunda kulikonse umatulutsa mamililita pafupifupi 70, kutanthauza malita ngati 5 pa mphindi. Dokotala wa ku England, William Harvey, atawerengetsa zoterezi analemba mu 1628 kuti thupi silingapange magazi atsopano ochuluka chonchi nthawi zonse, choncho ndi magazi omwewo amene amangozungulira.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti mnofu umenewu sudikira ubongo kuti uuuze zochita. M'chipinda cham'mwamba cha kumanja muli kagulu ka maselo kamene asayansi a ku Britain, Arthur Keith ndi Martin Flack, anakafotokoza mu 1907, kamene kamatulutsa mphamvu ya magetsi pakokha. Mphamvuyo imafalikira m'zipinda zam'mwamba, kenako imachedwetsedwa pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kuti zipinda zam'munsi ziyambe zadzaza zisanafinye. Ikafika m'maselo a mnofu imatsegula njira zolowera mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu, ndipo kashiamuyo ndi amene amachititsa tiulusi ta m'maselomo kukokana. Mnofu wa mwendo ungathe kukokana n'kuuma osamasuka, monga amadziwira osewera mpira, koma wa mtima umakana kudzutsidwanso mpaka utatsala pang'ono kumaliza kumasuka. Kumasukako n'kofunika pa zifukwa ziwiri: ndi nthawi imene zipinda zimadzaza, komanso ndi nthawi imene mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo imalandira magazi ambiri, popeza mtima ukafinya umapanikizanso mitsempha yake yomwe.

Palinso lamulo limene Otto Frank wa ku Germany ndi Ernest Starling wa ku Britain anapeza poyesa mitima ya nyama, lakuti mtima ukadzazidwa ndi magazi ambiri umafinya mwamphamvu kwambiri, monga momwe mphira wa legeni ukakokedwa kwambiri umaponyera mwala patali. Lamulo limeneli ndi limene limathandiza kuti mbali ziwiri za mtima zizitulutsa magazi ofanana, ndipo likutanthauzanso kuti madzi akachuluka m'mitsempha, mtima sungachitire mwina koma kuwakankha onsewo.

Manambala awiri a BP amene namwino amalemba m'buku la kuchipatala amachokera pa kufinya ndi kumasuka komweku. Masiku ano zipatala zambiri zili ndi makina a mabatire, koma amene anapimidwapo ndi makina akale akukumbukira namwino akukulunga lamba pamkono, kupopa mpweya mpaka dzanja litachita dzanzi, kenako n'kumauphwetsa pang'onopang'ono atatchera khutu ndi chomvetsera chake pamkati pa chigongono. Pamene kaphokoso koyamba kamveka, ndiye kuti magazi ayamba kudutsa pa nthawi imene mtima wafinya, ndipo imeneyo ndi nambala yam'mwamba. Pamene kaphokosoko kazimiririka ndi nambala yam'munsi, mphamvu imene imatsala m'mitsempha mtima ukamasuka. Lambayo anayambitsa ndi Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896, ndipo njira yomvetserayo anaifotokoza ndi Nikolai Korotkoff wa ku Russia mu 1905. Manambalawa akamafika 140 ndi 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyanasiyana, munthu amauzidwa kuti ali ndi BP. Kukwera kapena kutsika kwake kumadalira kuchuluka kwa magazi amene mtima ukupopa ndi kuchepa kwa njira m'timitsempha ting'onoting'ono, timene tili ndi minofu yakeyake yotifinya kapena kutimasula.

Tsono thupi lili nazo zida zomvera mphamvu ya magazi. M'makoma a mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi mtsempha waukulu wochoka mumtima muli timinyewa timene timamva khomalo likatanuka, n'kumauza ubongo pa kugunda kulikonse. Munthu amene wakhala pamphasa nthawi yaitali akadzuka mwadzidzidzi, magazi pafupifupi theka la lita amatsikira m'miyendo ndi m'mimba, ndipo timinyewa timeneti tikamva kuti mphamvu yachepa, m'masekondi ochepa chabe mtima umafulumira ndipo timitsempha timafinya. Chizungulire ndi mdima umene umabwera m'maso kwa kanthawi ndi mpata umene ulipo thupi lisanakonze zinthu. Koma uthenga wa timinyewati umathera m'munsi mwa ubongo, kumene kumayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima munthu osadziwa, ndipo sufika kumene timamvera ululu kapena njala. Choipa kwambiri n'chakuti mphamvu ya magazi ikakhala yokwera kwa tsiku limodzi kapena awiri, timinyewati timazolowera, n'kuyamba kuteteza nambala yokwerayo ngati kuti ndiyo yoyenera. Munthu amene BP yake yakhala pa 170 kwa zaka amayenda, kulima ndi kudya bwinobwino, ndipo nthawi zina amadandaula kufooka masiku oyamba amene mankhwala ayamba kuitsitsa.

Udindo wolamulira BP kwa nthawi yaitali uli ndi impso, zimene zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi opopedwa ndi mtima, n'kusefa malita ngati 180 pa tsiku, ngakhale kuti mkodzo umene umatuluka ndi lita imodzi kapena awiri basi. Impso zikaona kuti magazi akuzifika mofooka zimatulutsira m'magazi chinthu chotchedwa renin, yemwe asayansi Robert Tigerstedt ndi Per Bergman anamupeza mu 1898, ndipo renin amayambitsa kupangidwa kwa mahomoni otchedwa angiotensin, amene amafinya timitsempha komanso kuchititsa kuti thupi lisunge mchere ndi madzi. Apa ndi pamene mchere umalowerera nkhaniyi, chifukwa kumene kwapita mchere madzi amatsatira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, amene sadzaza n'komwe kasupuni ka tiyi, koma tikawerengera wa m'ndiwo, wowonjezera pambale tisanalawe, wa pa chiwaya, timakyubu tokometsera ndiwo ndiponso soda wothira m'therere, ambiri timadutsa muyezo umenewu osazindikira.

Pa zaka zonse zimene munthu sakumva kanthu, chipinda cha kumanzere chija chimakhala chikukankha magazi movutikira, ndipo khoma lake limakhuthala n'kuuma, moti silimasukanso bwino kuti lidzaze, pamene mnofu wokulawo ukufuna okosijeni wambiri kuposa amene mitsempha yake ingaupatse. Pamene munthu ayamba phuma pokwera kachitunda, kulephera kugona chagada ndi kutupa mapazi, ndiye kuti kuwonongekako kunayamba kalekale. Kwa ena chizindikiro choyamba chimakhala sitiroko, kamtsempha ka mu ubongo kataphulika kapena kutsekeka. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankamwa mankhwala alionse.

Sindikutsutsa kuti mkwiyo ndi nkhawa zimakweza BP. Zimaterodi, kudzera m'mahomoni otchedwa adrenaline ndi minyewa yofulumizitsa mtima, koma kukwera kumeneko kumatsika mtima ukakhala m'malo, pamene kumene kumawononga ziwalo ndi kuja kokhalitsa usana ndi usiku. Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri amagwira malo amene tawatchulawa: hydrochlorothiazide amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi, amlodipine amatseka njira za kashiamu m'minofu ya timitsempha kuti timasuke, ndipo enalapril amalepheretsa kupangidwa kwa angiotensin wamphamvu uja. Anthu akuda ambiri a BP amakhala ndi renin wochepa, choncho mankhwala a mtundu wa enalapril paokha sawathandiza mokwanira, ndipo kafukufuku wa CREOLE, amene anachitika m'mayiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2019, anapeza kuti kuphatikiza mankhwala awiri kunatsitsa BP bwino kwambiri pamene amodzi mwa iwo anali amlodipine. Palibe mankhwala mwa amenewa amene amasintha impso kapena timitsempha mpaka kalekale. Mphamvu ya piritsi imatha thupi likalisefa n'kulitulutsa, ndipo amene wasiya kumwa, m'masiku kapena milungu yochepa BP yake imabwerera pamene inali asanayambe, iye osamva kusintha kulikonse.