Jekete la Amalume ndi Mafyuzi Awiri a Morris Minor

Morris Minor 1000 ya 1964 ili ndi mafyuzi awiri okha, onse agalasi, onse olembedwa 35 amp. Imodzi imateteza hutala ndi kanyali kam'kati, zinthu zomwe zimagwira ntchito ngakhale kiyi ili m'thumba. Inayo yasenza zonse zodzuka ndi kiyi: mawaipa, fani ya hita, maindiketa, nyali za mabuleki ndi geji ya petulo. Koilo, pampu ya petulo ndi nyali zazikulu zakutsogolo zilibe fyuzi n'komwe. Pamene galimoto imeneyi, imene anaipanga Alec Issigonis, inkatuluka koyamba mu 1948, mafyuzi ochepa chonchi ankakwanira, chifukwa galasi lapachitseko munthu ankakweza ndi mkono wake, ndipo mkono sufuna fyuzi.

Ine ndinaona kuti mkono wanga wapukusa mokwana, choncho ndinagula zipangizo zosandutsira mawindo akutsogolo kukhala amagetsi, zija amati zimalowa pa galimoto iliyonse. M'bokosi munali mamota awiri, kathumba ka timano tosiyanasiyana tovekera pa kachitsulo komwe pamakhala handulo, maswichi awiri amiyendo isanu, mawaya, ndi kahandulo kakang'ono kopukusira magetsi akavuta. Kahandulo kameneka ndinakatembenuza m'manja, n'kukabwezera m'bokosi, bokosilo n'kuliponya pamwamba pa kabati.

Kumangirira sikovuta. Handulo yakale imagwidwa ndi kapini kopingasa. Mukakanikiza kambale kakuseri kwake kapiniko kamaonekera, ndipo kamsomali kamakatulutsa. Mukachotsa chikuto cha chitseko, mumasankha dzino lokwana bwino pa kachitsulo kaja, losagwedera, n'kupezera mota malo m'munsi mwa chitseko pomwe galasi silifika likatsika lonse. Chingwe chopititsa mphamvu kuchoka pa mota chisapindike kwambiri, apo ayi chimalira ndipo chimadya mphamvu pachabe.

Nkhani ya earth ndinaigwira bwino, ndipo apa ndiyenera kudziyamikira poti kutsogoloku mpata woterewu kulibe. Magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo anali a positive earth, kutanthauza kuti mutu wa positive wa batire ndiwo unkamangidwa ku thupi la galimoto. Mota ya windo payokha ilibe nazo ntchito, koma timagetsi ta LED tam'maswichi, wailesi yamakono ndi chotchajira foni zimafuna negative earth, ndipo wailesi ukailumikiza mozondoka imatulutsa utsi kamodzi n'kugona mpaka kalekale. Ndinatembenuza batire, n'kusintha zogwirira zake poti mutu wa positive ndi wonenepa kuposa wa negative. Pa koilo ndinasinthanitsa mawaya awiri aang'ono kuti wopita ku mapointi, kaswichi kodula ndi kulumikiza magetsi a koilo, ukhale mbali ya negative. Dainamo, yomwe imatchaja batire, ndinaichotsa mawaya onse awiri, a pa miyendo yolembedwa D ndi F, n'kukhudzitsa waya wochokera ku positive ya batire pa F kangapo, tikamoto ting'onoting'ono n'kuthetheka, kuti maginito ake aphunzire njira yatsopano. Injini inalira, kanyali kofiira kochenjeza za tchaji kanazima, zonse zili bwino.

Magetsi a mawindo ndiwo ndinatenga pa waya wobiriwira, kuseri kwa dashibodi. Pa magalimoto a mawaya a Lucas, kampani ya ku Britain ya zamagetsi za galimoto, mitundu imalankhula: wa bulawuni uli ndi moto nthawi zonse ndipo ulibe fyuzi, woyera umadzuka ndi kiyi koma ulibe fyuzi, wobiriwira umadzuka ndi kiyi ndipo wadutsa pa fyuzi, wakuda ndi earth. Wobiriwira unali pafupi, unali ndi fyuzi kale, ndipo pa fyuziyo panalembedwa 35. Masamu anga anati malo alipo ambiri.

Nambala ija ndi yachinyengo kwa munthu wozolowera mafyuzi amakono. Pa fyuzi yamakono yamiyendo iwiri, 20 amatanthauza ma amp amene ingasenze tsiku lonse. Pa yagalasi yachikale ya ku Britain, 35 ndi pomwe imapsa nthawi yomweyo. Yomwe ingasenze mosalekeza ndi 17 basi. Tsopano werengani katundu wa mvula: mawaipa ngati 3 amp, fani ya hita ngati 3, nyali ziwiri za mabuleki za 21 watt iliyonse, pamodzi 3.5, maindiketa 3.5. Zikakumana zonse mwafika kale pa 13. Mota ya windo ikamayenda momasuka imadya pakati pa 3 ndi 5 amp, galasi likamakhuzika imafika pa 10, ndipo ikakanika kuyenda uku chala chili pa swichi imadutsa 15, nthawi zina 20.

Panalinso kachilema kena. Chitseko chakumanzere ndi chithunzi chapagalasi cha chakumanja, choncho mota yake imayenera kuzungulira mosemphana ndi inzake, ndipo mawaya ake awiri amafunika kusinthanitsa. Ine ndinalumikiza mofanana. Windo la wokwera linkakwera ukadina muvi wolozera pansi, n'kumatsika ukadina wolozera m'mwamba. Ndinaziona, ndinaloweza pamtima, ndinati ndidzakonza Loweruka.

Loweruka lisanafike, amalume anapempha kuti ndiwaperekeze ku mwambo wina wofuna kutchena. Anabwera atavala jekete lotuwa lomwe amalisunga m'pulasitiki, n'kukhala pampando wakutsogolo, chigongono pawindo. Ndinawaonetsa maswichi. Anagwedeza mutu pang'ono, n'kunena kuti galimoto yaulemu sifuna zidole.

Tili pakati pa ulendo kunachita mdima, mvula n'kuyamba ndi madontho akuluakulu. Ndinayatsa mawaipa. Galasi lakutsogolo linachita nthunzi, ndinayatsa fani. Kutsogolo kunali mphambano, ndinaponda buleki n'kuyatsa indiketa. Apa m'pamene ndinati ino ndiyo nthawi yoti amalume aone phindu la zidole: zala ziwiri pa maswichi awiri, langa m'mwamba, lawo pansi monga ndinaloweza. Magalasi onse ananyamuka. Amalume anabweza chigongono mwachangu, mkono unalowa, koma nsalu yofufuma ya pachigongono inatsalira. Galasi linaikanikiza m'mwamba kuti gwa. Kenaka zii. Mawaipa anaima pakati pa galasi, fani inafa, indiketa inasiya kugogoda, muvi wa petulo unagwera pansi, windo langa linaima theka. Injini yokha inkaimbabe mosangalala, poti koilo ndi pampu zili pa waya woyera ndipo sizinamve kanthu.

"Mphwanga, tsitsa galasili."

"Amalume, zikuoneka kuti fyuzi yapsa."

"Sindinafunse za fyuzi. Pukusa."

"Handulo ndinachotsa, amalume."

"Unachotsa n'kuikapo chiyani?"

Ndinaloza maswichi aja. Sanayankhe.

Anayesa kukankhira galasi pansi ndi dzanja lamanja, koma mota ya windo ili ndi giya yonga wononga yomwe imazunguza dzino lalikulu ndipo dzinolo silingaizunguze mobwerera. N'chifukwa chake wakuba sangatsitse windo lamagetsi ndi zikhatho, ndipo amalume a munthu sangathenso. Kuvula jekete anakana. Anati silivulidwa mokoka.

Kuti ndipatuke pamsewu ndinafunika kuchenjeza akumbuyo, koma ndinalibe indiketa kapena nyali za mabuleki. Windo langa lotseguka theka lija linandithandiza: ndinatulutsa mkono m'mvula n'kumaukupiza monga ankachitira madalaivala akale, madzi akuyenderera mpaka m'khwapa. Amalume anati mawindo amagetsi ndi abwino ndithu, poti amaphunzitsa munthu malamulo apamsewu.

Ndinatsegula boneti. Pa kabokosi ka mafyuzi pali malo osungira awiri apadera, ndipo onse anali pululu. Amalume anafuula kuchokera m'kati kuti ndikulunge fyuzi yakufayo ndi kapepala konyezimira, kuti kale ankatero ndipo palibe anafa. Pamenepo ndinakana ngakhale anali amalume. Waya wobiriwira uja ndi wowonda. Fyuzi ikapanda kupsa umapsa ndiwo, m'kati mwa mtolo wa mawaya ena, kuseri kwa dashibodi. M'malo mwake ndinazula fyuzi ya hutala n'kuiika pa malo a yakufayo. Mawaipa ananyamuka, fani inalira, poti maswichi awo ndinawasiya oyatsa.

Ndisanatseke boneti, amalume anaona kuti magetsi abwera. Anatambasula dzanja lamanja, anapeza swichi ya mbali yawo, ndipo monga munthu aliyense wamutu wabwino anadina muvi wolozera pansi. Galasi linakankhira m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Ataona kuti silikutsika, anadina molimbika osachotsa chala. Ma amp ngati 20 a mota yokanika kuyenda, kuphatikiza 6 a mawaipa ndi fani, pa fyuzi yosenza 17. Ndinaiona ndi maso anga ikufiira, n'kuduka. Mamota ambiri a mawindo ali ndi kachitsulo m'kati kodula magetsi akatentha, koma fyuzi inafulumira.

Apa zinthu zinafika pa mwana wakana phala: mafyuzi onse apsa, hutala yapita nawo, mvula ikukhuthuka, ndipo chigongono cha jekete chikunyowa kunja pamene mwini wake ali m'kati.

Chinatipulumutsa n'choti mota ya mawaya awiri sifuna swichi. Ukaipatsa positive uku, negative uko, imazungulira, ukasinthanitsa imabwerera. Ndinazimitsa injini, ndinazula mawaya awiri a mota kuseri kwa swichi, ndinadula chingwe cha nyali yoyendera yomwe inali m'buti, n'kuchidutsitsa kuchoka pa batire kulowa pa windo langa. Ndinakhudzitsa kamphindi chabe. Amalume anati "mayo", ndinadziwa kuti ndi mbali yolakwika. Ndinasinthanitsa, galasi linatsika myaa, jekete linatuluka lili ndi mzere wakuda wa fumbi la zaka zambiri la m'ngalande ya windo. Tinadikira mvula kukata, n'kuyenda pang'onopang'ono, mkono wanga ukugwira ntchito ya maindiketa. Ku mwambo amalume anakhala atapinda manja.

Pokonza ndinayamba ndi muyezo. Nditakoleka mita pa waya, windo lakumanzere linkadya pafupifupi 10 amp pongokwera, popanda jekete. Nsalu za m'ngalande momwe galasi limayenda zinali zouma ndi zophwanyika, girisi wa pa mano a chokwezera atalimba. Mkono wa munthu umangolimbikira osadandaula, n'chifukwa chake zimenezi sizinkadziwika. Nsalu zatsopano, kutsuka mano n'kupaka girisi watsopano, ndi kupopera silicone m'ngalande zinatsitsa muyezo kufika pa 4.

Mawindo anachoka pa waya wobiriwira. Tsopano pali waya wa 4 mm² wochokera pa batire penipeni, fyuzi ya 30 amp ili pafupi ndi batireyo, osapitirira masentimita 20, chifukwa gawo la waya lomwe lili fyuzi isanafike silitetezedwa ndi chilichonse. Wayayo umalowa pa mwendo 30 wa relay ya 40 amp, kaswichi kamiyendo yamanambala komwe kamayatsidwa ndi magetsi ochepa n'kudutsitsa ambiri. Mwendo 87 umapita ku kabokosi katsopano ka mafyuzi amakono, windo lililonse ndi fyuzi yakeyake ya 20 amp. Mwendo 86 umatenga pa waya wobiriwira, 85 n'kupita ku earth. Koilo ya m'kati mwa relay imadya pafupifupi 0.15 amp, ndiye katundu yekhayo amene fyuzi yakale yaonjezeredwa, ndipo mawindo amafabe kiyi ikazima.

Mawaya obwera m'bokosi anali owonda, ndinawataya. Waya wamkuwa wa 1 mm² wotalika mamita 6, kupita ndi kubwerera, umataya volt imodzi yathunthu pa 10 amp, pamene wa 2.5 mm² umataya 0.4. Mota yolandira magetsi ochepa imayenda mwaulesi, imachedwa kufika, ndipo imatentha. Earth ya maswichi ndinaimanga pa thupi la galimoto ndi bawuti, nditapala penti mpaka chitsulo kuwala, n'kupaka girisi pang'ono kuti dzimbiri lisabwerere. Pa chitseko earth samangapo, poti mahinji odzaza mafuta ndi dzimbiri lero amadutsitsa magetsi, mawa akana. Pomwe mawaya amachoka pa mzati kulowa m'chitseko pamafunika mphira m'mabowo onse awiri ndi waya wotsalira pang'ono woti uzipindika. Kupanda kutero chitsulo chimacheka chikuto, tsiku lina n'kuchita shoti.

Ena angakuuzeni kuti musinthe dainamo muike alternator, chotchajira batire chamakono. Dainamo ya Lucas C40 imapereka 22 amp ikakwiya, ndipo injini ikamangolira poima siitchaja n'komwe. Ngati mukuonjezera nyali zamphamvu, fani yamagetsi ya radiyeta kapena wailesi yamasipika akuluakulu, alternator ngati 18ACR ya pafupifupi 45 amp ndi yoyenera. Pa mawindo okha n'kutaya nthawi, chifukwa amagwira ntchito masekondi ochepa ndipo batire imakwanitsa.

Mawaya awiri a mota yakumanzere ndinasinthanitsa. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kuvala nsapato. Kahandulo kaja kanatsika pa kabati, kali mu kabokosi ka pa dashibodi limodzi ndi mafyuzi amitundu yonse iwiri. Amalume atabwera kudzaona ntchitoyo anaima patali ndi chitseko, anandiuza kuti ndikweze ndi kutsitsa windo lawo, n'kuonetsetsa muvi uliwonse. Kenaka anapempha kahanduloko, anakaika m'thumba la malaya, n'kukakhala kumpando wakumbuyo, komwe mawindo akadali opukusa ndi mkono.