Mkangano wa m'minibasi pochokera ku Lizulu

Lero ndinapita ku Lizulu kukagula kachewere ndi kabichi. Kumeneko msewu wa M1 ndiwo malire: ukangowoloka, waponda dziko la Mozambique.

Pobwerera ku Dedza, pa rodibuloko tinapeza anyamata atakhala pansi m'mbali mwa msewu, milomo itauma. Akuti ndi a ku Ethiopia, awatsitsa m'lole akupita ku Joni. M'minibasi mkangano unabuka pomwepo. Bambo wina anati awabweze lero lomwe, chifukwa anthu otere ndiwo amabweretsa mfuti. Ambiri anavomereza. Koma agogo amene anakhala pafupi nane anamukumbutsa modekha kuti pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, midzi ya kuno ku Dedza ndi Ntcheu inkagawana ufa ndi othawa, osafunsa pasipoti. Agogowo sananame. Mtendere usanabwere mu 1992, Malawi inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni.

Mantha a bambo aja ndikuwamvetsa, nanenso ndimafuna kugona mtima uli m'malo. Komatu Pangano la 1951 la othawa kwawo limaletsa kubweza munthu kumene moyo wake uli pachiswe. Si onse odutsa pano amene akuthawa nkhondo, ena akungosaka ntchito, n'chifukwa chake aliyense ayenera kumvedwa payekha asanaweruzidwe. Dziko lathu linalowa m'panganoli mu 1987, koma linakana mfundo zolola othawa kukhala kumene afuna ndi kugwira ntchito momasuka. Zotsatira zake tikuziona kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, ku Dowa, kumene anthu oposa 50,000 apanikizana, ndipo mu 2023 ena amene ankachita malonda m'matauni anabwezedwa komweko mokakamiza.

Chimene chikundiwawa n'chakuti khomo lovomerezeka likatsekedwa, anthu sasiya kuyenda. Amalowera kutchire, m'manja mwa ozembetsa anthu, ndipo boma silidziwanso amene walowa. Chitetezo chili pati pamenepo? Mu 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia. Anali ana a anthu, amayi awo akudikira foni.

Ozembetsawo angagonje ngati Malawi, Tanzania ndi Mozambique atamagawana uthenga ndi kulondola ndalama zawo limodzi, m'malo mongogwira anyamata anjala. Nalonso lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 lakalamba. Sabata ino ndilembera phungu wathu za nkhaniyi.