Tsiku loperekeza amayi ku kiliniki ya shuga

Amayi anga anawapeza ndi shuga ndi BP zaka zitatu zapitazo. Popeza ndine ndimakhala nawo kuno ku Chinamwali, udindo wowaperekeza kuchipatala unagwera ine.

Ulendowu umayamba dzulo lake. Akadya nsima yamadzulo, pakamwa sipalowanso kanthu kupatula madzi, chifukwa shuga amamuyeza munthu atakhala maola 8 osadya. Usiku womwewo ndimalongeza buku la kuchipatala, timapaketi ta mankhwala ngakhale totheratu, madzi, mbatata yophika ndi maswiti atatu. Bukulo ndiye musaliseweretse. Adokotala amasintha, koma mbiri yonse ya wodwala ili mmenemo. Lathu timalisunga m'jumbo chifukwa mvula ya ku Zomba siipempha chilolezo.

Timakwera kabaza wanjingayamoto kusanache bwino, nkhungu ili tolo kuphiri. Ukafika umapereka buku pa mulu n'kukhala pabenchi. Za maswiti zija ndinaziphunzirira pa benchi pomwepo. Ulendo wathu wachiwiri, amayi anamwa mankhwala awo a shuga otchedwa glibenclamide m'bandakucha monga mwa masiku onse, koma m'mimba mulibe kanthu. Ine ndinawatungira ndekha madzi omwera, n'kumadziona ngati mwana wosamala. Cha m'ma 9 koloko ndinangoona thukuta lili kamukamu pamphumi, manja akunjenjemera, mawu akutuluka osalongosoka. Agogo ena amene anakhala pafupi nafe anandigwira mkono.

"Mwanangu, amayiwa amwa mankhwala osadya eti?"

Ndisanayankhe n'komwe, anali atasenda kale switi. Anamwino atabwera kudzayeza, makina anaonetsa kuti shuga watsika kwambiri, mpaka pansi pa 70. Anandifotokozera kuti mankhwala amenewa amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo anatiuza kuti pa tsiku la kiliniki tizibwera nawo, amayi azimwa akayezedwa, pamodzi ndi chakudya. Inunso funsani za mankhwala a wodwala wanu, poti samwa ofanana onse. Switi ndi ya munthu amene akutha kumeza. Wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, itanani anamwino.

Mzere usanayambe pamakhala phunziro. Poyamba ndinkaliona ngati lotichedwetsa, koma ndi mmene ndinamvera kuti thobwa nalonso limakweza shuga, komanso kuti BP imatha kukwera munthu osamva kupweteka paliponse. Kenako sikelo, BP, n'kubaya chala. Amayi asanayezedwe BP ndimawauza apume kaye mphindi zisanu. Manambalawo ndimakopera m'kope langa: BP timafuna ikhale pansi pa 140/90, shuga wa m'mawa asapitirire 130.

M'chipinda cha adokotala ndi momwe woperekeza amafunikira zedi. Amayi anga, monga ambiri a msinkhu wawo, akafunsidwa amangoti, "Ndilipo bwino, adokotala." Chonsecho sabata yonse akhala akudandaula kuti mapazi akuchita dzanzi. Ndiye ine ndimanena, ngakhale andiyang'ane ndi diso lakumbali. Tsiku lina nditanena za dzanzilo, adokotala anawavula nsapato, n'kupeza kachilonda pakati pa zala komwe iwo sankakamva n'komwe. Kuyambira apo ndimawaona mapazi madzulo alionse, ndipo zoyenda osavala nsapato popita kudimba zinatha.

Kolandirira mankhwala musachoke musanamvetse. Funsani kuti awa ndi a chiyani, amwe kangati, nthawi yanji. Metformin, omwenso ndi mankhwala a shuga, amayi amamwa akudya, apo ayi m'mimba mumawavuta. Mwezi wina mtundu umodzi umapezeka watha. Pamenepo ndimapempha andilembere dzina ndi mlingo wake kuti ndikagule ku famase m'tauni, osati kwa ogulitsa pamsika. Ndisanatuluke pageti ndimaonanso ngati tsiku lobwerera lalembedwa m'buku.

Nkhondo yeniyeni ili kunyumba, pa mbale. Ufa woyera tinausiya n'kuyamba mgaiwa, koma mgaiwa nawo ukachuluka shuga amakwerabe, ndiye mtanda ndi umodzi, masamba ambiri. Matemba a ku Chilwa ndimayamba ndawaviika m'madzi ngati ali amchere. Amayi amadandaulabe kuti ndikuwapha ndi njala. Lamulungu lapitali ndinapeza botolo la Fanta kuseri kwa thumba la makala, ndipo nditawafunsa anati ndi la alendo.