Lachitatu ku Dar es Salaam, pa mwendokasi

Ndikulemba usiku, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Lero ndi tsiku lachiwiri kuno, ulendo wopikula zitenje ndi nsapato za ana ku msika wa Kariakoo.

Tagona ku Kimara, kwa achibale a achemwali amene ndimayenda nawo pa geni. M'mawa ine ndimati tikwere daladala, maminibasi akuno, koma iwo anakana. "Ayi mng'ono wanga, tiyeni pa mwendokasi mukadzionere nokha." Mwendokasi ndi dzina limene anthu anapatsa mabasi abuluu aataliatali, opindika pakati, amene anayamba kuyenda mu 2016.

Chimene chinandigwira mtima si basiyo ayi, koma msewu wake. Pakati penipeni pa Morogoro Road anapatulapo njira ya konkire, ya mabasi okhaokha. Masiteji alinso pakati pomwepo, okwezeka mofanana ndi khomo la basi, moti agogo ena amene anali patsogolo pathu anangolowa ngati akulowa kuchipinda. Ndalama umalipiriratu usanalowe pasiteji. Palibe kondakitala wokanganirana naye chenje, palibe anyamata oitanira okulanda chikwama.

Titadutsa Ubungo kulowera ku Manzese ndinasuzumira pawindo. Kumbali kwathu galimoto zinali ndondondo, zongokwawa, zina zatsopano zonyezimira, muli munthu mmodzi yekha. Ife, anthu oposa zana m'basi imodzi, timangozidutsa. Ndinamva kukoma mumtima, chifukwa kwathu wokwera minibasi ndiye amavutika kuposa onse, koma apa wosauka ndi amene amafika msanga. Tinapyola Magomeni, Jangwani, n'kukhotera mu msewu wa Msimbazi mpaka ku Gerezani, siteji ya ku Kariakoo, dzuwa lisanawawe.

Za ku Kariakoo sinditaya nazo nthawi: kutentha, kunenerera mitengo, kuwerenga mashilingi kawirikawiri. Katundu tasiya kwa otumiza kuti amange mabelo.

Pankhomaliro mlamu wa achemwali, amene wakhala kuno zaka zambiri, anatifotokozera mmene zinayendera. Gawo loyamba la njira ya mwendokasi ndi la makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni kunyanja, ndi nthambi za ku dera lotchedwa Morocco ndi ku Gerezani. Ndalama zambiri inali ngongole ya ku World Bank. Boma linakhazikitsa bungwe lapadera loyang'anira njirazi, ndipo madaladala ambiri anachotsedwa mumsewu umenewu. Apa m'pamene ndinaima kutafuna. Kumanga msewu boma lililonse limamanga likapeza ngongole. Koma kuuza mwini galimoto kuti njira iyi si yako, kuuza eni maminibasi kuti sunthani, ndiye tsiku ndi tsiku n'kumateteza njirayo kuti wina asalowemo, zimenezi zimafuna atsogoleri olimba mtima.

Madzulo zinthu sizinakome ngati m'mawa. Pa Gerezani panali chinamtindi cha anthu. Mabasi anali ochepa, ndipo itafika imodzi anthu anakankhana mpaka mayi wina wobereka mwana anatsala pakhomo akupukuta thukuta. Tinakwera yachitatu, choimirira, mothinana kwambiri. Pa Jangwani achemwali anandilozera galaja ya mabasiwa, imene inamangidwa m'dambo la mtsinje wa Msimbazi. Mvula ikagwa yambiri madzi amasefukira pamenepa, mabasi n'kuima. Zinandiwawa, chifukwa chinthu chabwino chotere chimafunika kuchisamala: kuwonjezera mabasi anthu akamachuluka, kukonza owonongeka msanga, ndi kumvera odziwa malo asanathire maziko.

Njira yonse maganizo anga anali ku Lilongwe. Ine ndimakhala ku Area 25. Ndaona Kenyatta Drive akuikuza kukhala ya mizere sikisi, ndaona mlatho wodutsana wa pa Area 18, ndipo ndi zokongola, sindikana. Koma pa mizere yonseyo palibe umodzi wa basi yokha. Ambirife tilibe galimoto. Timayenda wapansi, pa kabaza, pa njinga zamoto kapena pa minibasi imene sinyamuka isanadzadze, ndipo mafuta akasowa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Mayi anga amakumbukirabe mabasi a m'tauni a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines, oyenda pa nthawi yake. Atatha amenewo, ntchito yonyamula anthu m'mizinda inangotsala m'manja mwa aliyense amene wakwanitsa kugula minibasi.

Ndinawafunsa achemwali kuti kwathu zingatheke? Anati, "Nanga madalaivala ndi makondakitala athu adzadya chiyani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo m'bale wanga weniweni ndi kondakitala. Ine ndikuona kuti boma lingakhale nawo pansi, eni maminibasi n'kukhala ndi gawo m'kampani ya mabasi aakulu, ena n'kumanyamula anthu kuchokera m'makwalala kukawatula pa masiteji. Basi imodzi yonyamula anthu a m'maminibasi asanu ndi awiri imapulumutsa mafuta, ndipo mafutawo timagula ndi ndalama zakunja zomwe ife a geni timazisowa.

Mawa tidzuka 5 koloko kukaona ngati mabelo amangidwa bwino. Ndawapempha achemwali kuti tikatsike ku Kivukoni, ndikaone kumene njirayi imathera.