Mphaka wa a landilodi analibe mlandu

Amene mwamva kuti ndinagwidwa usiku kuseri kwa chimbudzi ku Matero, mu Lusaka, nditapanira mphaka wakuda m'khwapa, inde, ndinali ine. Zoti ndinali maliseche ndi bodza, kabudula ndinavala.

Mphaka wa a neba, wakuda bii, anaswa ana anayi, atatu akuda ndi mmodzi wamizere wokhala ndi M pamphumi. A neba anati kapenta wa anawo azigula a landilodi, poti mphaka wamwamuna wa a landilodiwo, wakudanso, ndiye amagona pakhonde pa a nebawo. Ine ndinakana za wamizereyo.

Mphaka aliyense ali nayo mizere m'chibadwa, koma imene imaitulutsa poyera ndi jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yotchedwa agouti, yochititsa kuti ubweya umodzi ukhale ndi timagawo takuda ndi totuwa. Mwana amatenga jiniyi pawiri, kwa mayi ndi kwa bambo, ndipo imodzi yokha ikamagwira ntchito mizere imaoneka. Wakuda bii ndiye kuti zonse ziwiri n'zozima. Akuda awiri sangaswe wamizere ngakhale mutapita kwa sing'anga. Amizere awiri obisa jini yozima angaswe wakuda, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi. Komanso bere limodzi la mphaka likhoza kukhala la abambo angapo, choncho wolakwa akasakidwe kumsika.

Mwanayo mizere yake si yoongoka, ndi yozungulira m'nthiti. Imeneyo ndi ntchito ya jini ina, Taqpep, imene akatswiri anaizindikira mu 2012, yomweyonso imasandutsa madontho a kakwiyo wina kukhala mizere yaikulu pamsana. Yozungulira imatuluka pokhapokha makolo onse awiri apereke. Nditanena kuti ndiye kuti mayi wakudayo wabisa zimenezi pansi pa kuda kwake, a neba anaseka mpaka kukhala pansi. "Aphunzitsi, mphaka wakuda mizere aitenge kuti? Tionetseni."

Kuona kwake n'kosavuta. Kuwala kubwere chammbali, osati pamwamba, ndipo muyang'ane mchira, miyendo ndi nthiti. Pa tiana mizere yobisikayi imaoneka bwino padzuwa, pa wamkulu imavuta. Koma a neba anatsekera tianato m'chipinda, ndipo mphaka wa a landilodi amabwera usiku wokha.

Ndiye pamene amayi ena ankapita kuchimbudzi anapeza mwamuna wamkulu atagwada, tochi ali nayo kukamwa, dzanja limodzi latukula mchira wa mphaka wakuda, nkhope ili pafupi ndi pamene mchira umayambira, akuwerenga monong'ona. Tinayang'anana. Mphaka nayenso anawayang'ana. Ndinati ndiwapatse moni, koma ndi tochi kukamwa chinatuluka ndi kubuula, kuwala kukundimenya mphuno kuchokera pansi. Chidebe chinagwa. Mkuwe wa "Mfiti!" unamveka mpaka ku Lilanda, agalu a ku George anayankha.

Anthu atadzaza, ena ndi mipini, wina ndi Baibulo, ndinayamba kufotokoza za agouti. Agogo ena anafunsa ngati Agouti ndiye amene anandituma. Mphaka anandikala pachifuwa n'kulumpha mpanda, umboni wanga wonse n'kupita. Mizere itatu ndinali nditaiona pamchira, ndikulumbira.

A landilodi ananditeteza kuti ndine wamisala chabe. Kapenta akugulabe, ndipo theka la mtengo wake analiika pa lendi yanga.